Deputadu Wodana ndi Obwera pa Manda a Amuna Anga

Aulutsi, ndiwerengereniko kankhani kangaka. Kwathu ku Moatize kunali deputadu wina, phungu wa ku nyumba ya malamulo, wolusa pakamwa. Pamsonkhano uliwonse ankakuwa kuti obwera onse, makamaka a ku Malawi, athamangitsidwe. Ine ndinkamuopa, poti malemu amuna anga anali a ku Mwanza.

Mgodi wa malasha utatisamutsa, makina okumba anafika kumanda tisanafukule mafupa a amuna angawo. Deputadu uja anatsika m'galimoto n'kukaima kutsogolo kwa makinawo.

"Agogo, agona apawa ndi a kuti?" anandifunsa.

"A ku Malawi, bambo," ndinayankha.

Anavula kazako, jekete yake ija. "Ndipatseni khasu."

Pachisankho chotsatira anagwa, ndipo voti yanga sanaione. Koma amuna anga agona pabwino ku Mualadze, komwe tinakawaikanso titasamuka. Bambo inu, ngati mukumvera, zikomo.