Maso a ba Fanwell

Amai Juliet, eni sitolo yathu, abusa, amai Elina akazi a ba Fanwell ndi ana awo onse, anzanga a ntchito, ndakupatsani moni. Senderani pafupi, mawu anga safika patali. Ndine Goodwell, womanga maphukusi kuseri uku.

Ba Fanwell anabwera mu Malichi 2016, atachoka ku ntchito ya makompyuta ku njanji. Nthawi imeneyo tsamba lathu la pa intaneti linali ngati mulu wa salaula, zovala zakale zija za pamsika: zitenje, nsapato, mabeseni, zonse pamodzi. Iwo anati, "Ndipanga sefa." Wogula adine mtundu, saizi ndi mtengo, zina zonse zichoke pomwepo, patsale chimene akufuna.

Sefa yoyamba ija mukuikumbukira, ba Fanwell? Mayi wina wa ku Nangongwe ankafuna nsapato. Anadina zofiira, nadinanso saizi 6. Sefa inamubweretsera chilichonse chofiira, ndi chilichonse cha saizi 6. Anaimba foni: "Bwanji imwe, mufuna ndivale beseni kumapazi?" Ba Fanwell anamuyankha mwaulemu kuti beseniyo ndi yolimba. Koma dzuwa lisanalowe anali atakonza.

Khalidwe lawo mukulidziwa. Sakhulupirira zolembedwa pa katoni. Nsalu yatsopano iliyonse ankatuluka nayo panja, kuiyang'ana padzuwa, asanauze kompyuta mtundu wake. Ankati sefa imangobwereza zimene munthu waiuza. Ife tinkawaseka kuti ayamba ntchito yochapa.

Chaka chatha mu Okutobala, amai a kwaya ku Chanyanya ankafuna nsalu, anadina buluu woderapo. Tinawatumizira zakuda. Amene anaziyang'ana nsaluzo padzuwa ndi ba Fanwell. Palibe anawakalipira. Koma kuyambira pamenepo ankandiitana chapansipansi: "Goodwell, iyi ndi ya mtundu wanji?" Zilembo pa kompyuta anazikulitsa, nazikulitsanso. Kenako anapempha kupuma pa ntchito. Zaka zopumira sizinakwane ayi. Ndi maso.

Ndi ng'ala. Adokotala anati imachotseka, koma ba Fanwell akukana. Mkulu wawo analowa m'chipinda cha opaleshoni osatulukamo wamoyo, ndipo mantha otero sitingawaseke. Anandiuza kuti, "Ndikali kuona pang'ono, chikwana. Ndikakhala kwathu ku Petauke."

Ba Fanwell, sichikukwana. Lolemba mwana wanu Angel anabwera pano kudzakuonani. Munamufunsa ngati wabwera kudzatenga phukusi. Anaseka, nanunso munaseka mutamva mawu ake. Kenako anabwera kuseri kwa makatoni kudzalira. Simunadziwe. Pepani kuti ndanena pagulu.

Zikomo pa zaka zonsezi. Munatiphunzitsa popanda kutichititsa manyazi. Ine munandigwira chala pa kompyuta ngati mng'ono wanu. Mpando wanu uja sindidziwa ndidzauyang'ana bwanji mawa.

Mphatso yathu ilibe pepala lokulunga. Takusungirani malo ku chipatala cha maso ku Lusaka, Lachinayi likubwerali. Minibasi ndikwera nanu ine, amai Juliet andimasula tsikulo, ndipo ndidzakhala pakhomo mpaka mutuluke. Sitikuchita izi kuti mubwerere pa desiki. Sefa aisamala ba Mapalo, amene munawasiyira ntchito. Tikufuna mukapume mukuona nkhope za ana anu.

Ndiye ndifunse pamaso pa abusa. Ba Fanwell, tipita?

Amai Elina, inu muli nawo pafupi, akuti bwanji?

Akuti, "Goodwell adzabwere, tidzaona." Amene mukuwadziwa bambo awa mwamva kuti sanakane. Ndidzabwera, ndipo ndidzagogoda mpaka mutsegule.

Mupume bwino, akulu anga. Mulungu akusungeni. Anzanga, tiimirire tonse. Manja athu mwina sawaona bwino, choncho tiwaombere mwamphamvu kuti amve.