Mwera Unawapeza Akulu a Mpingo Ali pa Usipa

Abusa, akulu a mpingo, amayi a Umanyano, abale nonse, timuoneni. Mundikhululukire, Chitonga changa chidakali chokwawa, ndiyankhula cha kwathu ku Mulanje. Ndikufuna kuchitira umboni.

Bambo akunyumba, awo akhala apowo, munawasankha kukhala mkulu wa mpingo. Andilola okha kuti ndinene. Chiyambireni geni ya usipa, nkhosa anazitaya. Odwala osawayendera, maliro kumangomvera pa foni. Ama Nyachirwa, gogo wa ku Mpamba uja, anatumiza uthenga: "Auzeni ada, mkulu wathu wa mpingo, adzandipempherere, ine ndikupita." Bambowa amvekere, "Mawa, mawa." Mawa lakelo anakwera boti wa ku Usisya kukagula usipa.

Tsiku loti abwerere, ku Umanyano, msonkhano wathu wa amayi uja, tinawerenga za mneneri uja wodzudzula abusa odzidyetsa okha, osasamala yodwala, osafunafuna yotayika, kuti Mulungu adzawafunsa za nkhosa zake. Abale, mawuwo anandilasa. Anzanga akuimba, ine maganizo ali kwina. Ndimangoona nkhope ya mwamuna wanga.

Tikutuluka, mwera uwo! Inu akunyanja mumaudziwa. Mitengo ya rabara kupindika, nyanja kuda bii masanasana. Ndiimbe foni, siikulowa. Ndiimbenso, siikulowa. Ndinathamangira kunyanja, ndinapeza asodzi akukokera mabwato kumtunda. Wina anandiyang'ana n'kunena, "Ama, amene ali pamadzi lero, Chiuta yekha." Ndinagwada pamchenga pomwepo ndi yunifolomu yanga. Ndinati, "Ambuye, musawatenge ali chonchi. Akafika kwa Inu lero, akakuyankhani chiyani za gogo uja?" Ndinaopa, abale, ndinaopa. Umasiye sindinauope ngati mmene ndinaopera chiweruzocho.

Kutacha, uthenga unabwera woti boti wafika, koma matumba onse a usipa anawaponya m'madzi kuti botiyo asamire. Ndidikire pakhomo, munthu osaoneka. Mtima unati basi, akungondibisira, bambowa atsala m'nyanja. Kenaka mnzanga wina anati wawaona akulowera ku Mpamba, opanda nsapato. Ndinawatsatira.

Ndinawapeza atagwada pambali pa mkeka wa gogo, zovala zikununkha usipa, akulira ngati mwana, akupempha chikhululukiro. Gogo anawagwira pamutu n'kunena, "Mwachedwa, ada, koma mwafika. Tiyeni, pempherani." Anapemphera. Tsiku lomwelo gogo anatisiya.

Tangoganizani, abale, akanati adutse kaye kunyumba kudzasamba!

Sabata yathayi anakaonekera okha pamaso pa abusa ndi akulu anzawo kukaulula kulakwa kwawo, popanda wowaitana. Usipa unapita, mpamba wa geni unapita, ndipo sindikudandaula ngakhale pang'ono. Ndikuthokoza Mulungu amene anaopseza osapha, amene anasunga mpweya wa gogo mpaka mbusa wake atafika. Kondwerani nane, abale. Amayi, ndithandizeni nthungululu. Yewo.