Mapadi Osalira

— Halo?

— Halo, malume Dorin? Ndine Ilinca.

— Ilinca uti? Ndili naye mwana wa mlongo wanga wa dzina limenelo, koma ameneyo foni amaiopa ngati njoka.

— Aa, malume.

— Uli bwanji, mwanawe?

— Ndili bwino, kaya inu?

— Ndilipo. Mlongo wanga bwanji? Msana uja?

— Amayi ali bwino, ayambanso ntchito. Anti Rodica?

— Akungonenepa ndi zakudya za ku Torino kuno. Chipale chofewa chagwa kumeneko?

— Ayi. Mvula yokhayokha, Januwale yense matope.

— Dziko lapenga. Tanena msanga, kuimba kunja kuno kumadya mayunitsi.

— Ndili mu shopu ya njinga ku Zărnești. Mapadi a mabuleki atha.

— Atha? Si ndinakuikira atsopano nditabwera kutchuthi?

— Akutsogolo kwangotsala kachitsulo.

— Matope amenewo. Mchenga wonyowa umasungunula mapadi ofewa ngati sopo. Ali ndi ati?

— Mitundu iwiri. Ofewa ngati omwe aja, ndi achitsulo.

— Achitsulo. Disiki yako imalola, ndinasankha ndekha. Pamvula amagwira, ndipo phiri lanu lija uzitsika mpaka dzuwa libwerere osasintha. Nkhani yatha.

— Koma mayi ogulitsawa akuti amalira.

— Akanyowa amalira, ee. Ngati nkhumba ya pa Khirisimasi.

— Ine ndimafuna osalira.

— Hoo! Pageti ya sukulu pali kamnyamata eti?

— Ayi!

— Dzina lake?

— Malume, si zimenezo.

— Nanga n'chiyani? Halo? Netiweki imeneyo?

— Ndilipo. Ndimatuluka panja kaye. Musawauze amayi.

— Yamba wanena.

— Lachiwiri m'mawa ndinkatsika msewu wa m'nkhalango, popita kusukulu. Kunali nkhungu. Nditakhota pakamlatho paja, ndinachipeza chili pakati pa msewu.

— Chiyani?

— Chimbalangondo.

— Ilinca!

— Ndi ana awiri.

— Mu Januwale? Chimayenera kukhala chili m'tulo kuphanga!

— Sikunazizire, ndiye sichinagone.

— Unaima?

— Ndinafinya mabuleki, njinga osamva. Ndinachita kukhukhuza nsapato pansi. Ndinakaimira pafupi, malume. Fungo lake ndinkalimva. Ngati galu wonyowa ndi masamba owola.

— Mayi Maria!

— Sichinabangule. Chinkagubuduza mwala ndi dzanja limodzi, mwala woti inu ndi ine sitingausunthe, koma icho ngati chikuvundukula poto. Kenako chinadzutsa mutu. Nthunzi ikutuluka m'mphuno, timadontho ta mvula tili mbee paubweya ponse. Chinandiyang'ana.

— Ndiye?

— Mukundidziwa ine, munthu akandiyang'ana ndimazyolika. Ngakhale mwana wa sitandade wani. Koma pamenepo sindinazyolike. Manyazi aja sindikudziwa anapita kuti. Chinandiona ndense, chinapuma mwamphamvu kamodzi, n'kukankha ana ake ndi mphuno, n'kulowa m'mitengo. Chinthu chachikulu chonchija, osathyola ndi kamtengo komwe. Ndinalira njira yonse mpaka kusukulu, koma sanali mantha. Chimene chinandilizacho sindikudziwa dzina lake. Halo? Malume?

— Ndilipo. Ndakhala pansi. Ndiye mapadi osalirawo ukufuna kuti ukachionenso.

— Kamodzi kokha.

— Kamodzi kokha! Iwe, chimbalangondo cha ana chikadzidzimuka sichifunsa kuti ndiwe mwana wa yani.

— Sichinandichite kanthu.

— Lachiwiri. Nanga Lachisanu?

— Ndiziima patali.

— Ndi mabuleki ati, m'nkhungu, pakona? Chabwino, za thupi lako ndaona sizikukulowa. Imva izi. Chikangokukanda, ngakhale pang'ono, kapena chikazolowera kuima pamsewu anthu akudutsa, kumabwera amuna a mfuti.

— Angachiphe?

— Chozolowera anthu sichikalamba, mwanawe. Ndipo tiana tija patokha sitingaone masika.

— Ine sindinauze munthu.

— Suli wekha pamsewu umenewo. Koma njinga yolira chiziimvera kumtunda komwe, n'kuchotsa ana usanafike. Uwonjezere belu, uziimbanso nyimbo ngati ungathe.

— Ine kuimba?

— Kulibe okumva, ndi mitengo yokha.

— Ndiye sindidzachionanso.

— Sudzachionanso. Chizikuona ndi icho, chili phee m'mitengo. Halo? Wadula?

— Ayi, ndalowanso mu shopu. Pepani mayi, ndipatseni achitsulo aja. Ee, akutsogolo ndi akumbuyo. Ndamva, amalira. Omwewo.

— Eya. Usawagwire ndi zala za mafuta. Ukamanga, upeze kotsetsereka pafupi ndi nyumba, uthamange, ufinye, uthamange, ufinye, mpaka azolowerane ndi disiki. Ndipo amayi ako uwauze lero.

— Andilanda njinga.

— Akuletsa msewu wa m'nkhalango kaye, ndipo alondola. Uzizungulira wa tara. Za njinga ndiyankhula nawo ndine.

— Chabwino. Mayunitsi akutha, malume.

— Dikira. Ilinca.

— Ee?

— Ine ndinakulira m'nkhalango imeneyo, ndinangoonapo mapazi ake pamatope. Maso ake ndi otani?

— Ang'onoang'ono, malume. Simungakhulupirire. Ofiirira. Otopa, ngati a mayi amene ana sakumugonetsa. Ndipo chikamaphethira...

— Chikamaphethira bwanji? Halo? Ilinca? Halo?