Tsiku Limene Ndidakana Kuwolotsa Bwana Wanga

Olemekezeka Wapampando wa Bungwe la Eni Maboti ndi Sitima, Bambo Davison Kachepa; olemekezeka nthumwi za nthambi yoona maulendo a pamadzi, motsogozedwa ndi Mayi Suhaila Matola; aphunzitsi amene mwakonza maphunzirowa; eni maboti, makaputeni, amakaniko ndi amalinyero amene mwachokera ku Karonga, ku Nkhata Bay, ku Salima, ku Mangochi mpaka ku Nsanje; atolankhani; amayi ndi abambo, ndikupatsani moni nonse.

Ndi ulemu waukulu kwa ine, Chitemwa Nyirongo, mayi amene imvi zidandipezera pa chiwongolero cha sitima, kuima pamaso panu m'mawa uno.

Polowa muno wina wandinong'oneza kuti, "Akaputeni, nkhani za nyanja tidzakambire ku City Centre, kumene madzi ake ndi a pampopi?" Ndaona mwaseka. Komatu boti limayamba kumira lisanachoke padoko, pamene mwini wake, atakhala muofesi kuno ku likulu, walamula kuti injini yodwala idikire mwezi wamawa. Eni ambiri mumagona ku Area 11, pomwe maboti anu amagona ku Senga Bay, n'chifukwa chake tabwera nayo nkhaniyi pakhomo panu.

Lamulo silinabise mawu. Mwini boti aonetsetse kuti boti lake layezedwa ndipo lili ndi chiphaso, kuti muli majekete opulumutsa moyo okwanira aliyense, ndi kuti amene wam'patsa chiwongolero adaphunziradi ntchitoyo. Naye kaputeni asanyamule katundu wopyola muyezo, ndipo akaona kuti boti kapena nyengo sizili bwino, akane kunyamuka, ngakhale womukakamizayo akhale amene amamulipira.

Mawu omalizawa ndi osavuta kuwerenga. Loleni ndikuuzeni kulemera kwake.

Ndili wachitsikana pantchitoyi ndinkayendetsa boti lonyamula anthu ndi katundu pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma. Mwini wake adali Bambo Dilip, mmwenye wa sitolo ya zitsulo ku Area 1, munthu amene adandikhulupirira pamene ena ankati mkazi sangagwire chiwongolero. Mwezi wina wa Julaye iwo adakwera nafe kukaona malonda awo pachilumba. Tili konko, m'mawa, foni idalira: bambo awo amwalira ku Lilongwe. Pamwambo wa Ahindu mtembo amauwotcha msanga, ndipo woyatsa moto ndi mwana wamwamuna wachisamba. Wachisambayo adali Bambo Dilip.

Adabwera padoko akuthamanga, maso ali psuu. "Akaputeni, lizani injini, tizipita."

Tsono m'mawa womwewo makaniko wathu, Clifton, adali atandiuza kuti pampu yopopa madzi olowa m'boti yafa, ndipo mwera udali utayamba kuwomba. Anthu adali atakwera kale, amayi ndi ana kumbuyo, ana asukulu, agogo opita kuchipatala.

Ndidati, "Bwana, pepani ndi zovutazi, koma popanda pampu sindinyamuka."

"Tsitsani anthuwo, tipite tokha."

"Amalinyerowa nawonso ndi anthu, bwana. Inunso ndinu munthu."

"Botili ndi langa!"

"Ndi lanu ndithu. Koma lamulo lidandipatsa ine kuti ndinene ngati lichoke, ndipo ndikuti silichoka."

Munthu wamkulu uja adakhala pansi padoko pomwepo n'kuyamba kulira ngati mwana, anthu onse akuona. Ena m'botimo adayamba kunditukwana kuti ndine mkazi wouma mtima. Ndipo chimene chidandipweteka kwambiri n'chakuti, dzuwa litapendeka, mwera udaleka, nyanja idangoti zii. Mwina tikadawoloka bwinobwino. Mpaka lero sindidziwa.

Clifton adamaliza kukonza pampu m'mawa mwake, tidawoloka. Bambo Dilip adakafika ku Lilongwe moto atayatsa kale mng'ono wawo Viraj.

Padapita masabata osandiyankhula. Kenaka uthenga udabwera woti ndikaonekere kusitolo. Ndidatsika basi, n'kudutsa m'chipiringu cha anthu a ku Old Town, mtima uli m'malere, ndikudziwa kuti ntchito yatha. Kuseri kwa kauntala kudakhala mayi wokalamba wovala zoyera, Mayi Hansa, mayi awo a bwana wanga.

Adandiyang'ana n'kufunsa, "Ndinu mudamukaniza mwana wanga?"

"Ndine, amayi."

Adagwira dzanja langa ndi manja awo awiri. "Sabata ija ndidataya mwamuna. Ndikadatayanso mwana, bwenzi inenso kulibe."

Bambo Dilip adayankhula atazolika. "Akaputeni, mtima wanga sunapole, mwinanso sudzapola. Koma Clifton adandiuza kalekale kuti pampu ija yatopa, ine ndimati idikire. Amene adandilepheretsa kutsanzika bambo anga si inu." Kuchokera tsiku limenelo boti lawo lililonse linkayenda ndi pampu yapadera, ndipo adauza antchito onse pamaso panga kuti pamadzi mawu a kaputeni ndiwo omaliza. Ndidawagwirira ntchito mpaka tsiku limene ndidapuma, ndipo ndimanyadira kuti m'zaka zonsezo palibe banja limene lidalira maliro chifukwa cha boti lathu.

Lero ndikayang'ana m'holo muno ndikuona atsikana ovala yunifolomu ya ukaputeni, ndikuona eni maboti atakhala benchi imodzi ndi antchito awo, ndipo mtima wanga wadzaza. Inu makaputeni, tsiku lanu lokana lidzafika, ndipo wokupemphaniyo adzakhala ndi chifukwa chomveka, mwinanso misozi. Mudzakane mwaulemu, koma mudzakane. Inu eni maboti, kaputeni wanu akadzakukanizani, mudzadziwe kuti mudalemba munthu woyenera.

Tsopano, mwa mphamvu imene bungwe lino landipatsa, ndikulengeza kuti maphunziro a chitetezo cha maulendo a pamadzi a eni maboti ndi antchito awo atsegulidwa. Aliyense wokwera boti lanu akatsike ndi miyendo yake.

Zikomo kwambiri.