Mayi Rozina Kathewera ndi Lamulo Lawo la Maphukusi

Malemu mayi Rozina Kathewera anabadwa pa 9 Juni 1961 ku Bilila, m'boma la Ntcheu. Anali achiwiri m'banja la ana asanu, ndipo ine Fryson ndine mlongo wawo wowapondera. Pulayimale anaphunzira kwathu komweko, sekondale anamaliza mu 1980.

Mu 1982 analembedwa ntchito ya kasitomu, yoona katundu wolowa m'dziko, pachipata cha Mwanza. Chaka chotsatira, akubwerera kuchokera ku Zimbabwe, mayi wina wakwathu anawapatsira phukusi lomangidwa bwino kuti akapereke kwa abale. Mwa chizolowezi chathu, sanafunse za m'katimo. Anzawo a ntchito atamasula pachipata, anapezamo mawotchi makumi atatu osalembetsa, ndipo ntchito inatsala pang'ono kuwathera. Kuyambira tsiku limenelo anadziikira lamulo: phukusi la munthu anyamula ndithu, koma mwini wake alimasule iwo akuona.

Mu 1986 anakwatiwa ndi bambo Nedson Kathewera. Mu 1994 banjali linabwera kuno ku Glasgow, bambo atapeza ntchito ya unamwino. Malemu ankasamalira okalamba m'mawa, masana n'kuthamangira ku Hillhead kukaphunzira zamalamulo. Mu 2001 anayamba uloya, kuimira amalonda oitanitsa katundu kunja.

Udindo wa woweruza anaufunsira kawiri, kawiri konse osawatenga. Ife tinkati apumule, zimene anali nazo zinali zokwanira. Iwo anangotimwetulira n'kulembanso kalata. Mu 2012 anasankhidwa kukhala woweruza milandu ya apilo pa msonkho wa katundu wolowa m'dziko. Amalonda ena anabwezeredwa katundu wawo, ena anatuluka chimanjamanja, koma aliyense anamvedwa mpaka atamaliza kulankhula.

Lamulo la phukusi lija linawadanitsa ndi ena a ife pano pa mpingo. Tinkanong'ona kuti udindo wawalowa m'mutu. Komabe palibe phukusi limene ananyamula limene silinafike.

Anayamba kudwala khansa mu Novembala 2024, ndipo anatisiya pa 3 Malichi 2025 ali m'chipatala ku Govan.

Anamfedwa anzanga, thupi linyamuka Lachinayi kupita ku Bilila. Pamene ndikulankhula pano, kunyumba ya siwa kwaunjikidwa kale maphukusi khumi ndi asanu ndi awiri oti bambo Nedson anyamule. Tonse tikudziwa kuti bambowa satha kukaniza munthu. Malemu ankadziwanso, ndipo ali m'chipatala anandisiyira mawu oti lamulo lawo lija litsatidwe. Choncho banja lagwirizana kuti mawa masana mwini phukusi aliyense abwere adzamasule lake, tilembe zimene zilimo. Losamasulidwa litsala. Sitilola kuti bambo Nedson akaimitsidwe pabwalo la ndege akuperekeza maliro a akazi awo. Musakhumudwe: limodzi mwa maphukusiwo ndi langa, muli nsapato za adzukulu, ndipo ndidzayamba ndine kumasula.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu: Ndapile, Hamilton ndi Chiso, komanso zidzukulu zinayi. Tikuthokoza abusa, amayi a mvano amene sanachoke pakhomo, ndi anamwino amene anawasamalira mpaka tsiku lomaliza.

Achemwali, pitani bwino. Ulendo unonso katundu yense aonedwa monga munkafunira. Mzimu wanu uuse mumtendere.