Magazi Oipa Anali a Ndani

Pabenchi ya chipatala cha ana, telala wina wachikulire anakhala atatoperatu, envulopu ikunjenjemera m'manja mwake. Pambali pake panali mayi wina wosamudziwa.

"Nanunso ndi za otizimu, bambo?" anafunsa mayiyo.

"Mdzukulu wanga. Zaka zisanu ndi chimodzi, salankhula, munthu samuyang'ana m'maso. Atamuyeza magazi apeza chinachake chotengera kumtundu, akuti Fragile X. Ndiye gwero la otizimu wakewo."

"Wanganso anamuyeza, sanachipeze. Akuti si ana onse a otizimu amene amakhala nacho. Zaka zinayi ndikungopondaponda pano, chifukwa chake osachidziwa. Bola inu mwadziwa."

"Bola? Mayi, ine ndinanyoza mkamwini wanga pamaso pa anthu, ndinati kwawo kuli magazi oipa. Anachoka pakhomo, chaka chachitatu chino."

"Nanga pepalalo likuti chiyani?"

"Likuti zinachokera kwa ine, n'kudzera mwa mwana wanga wamkazi. Ngakhale kunjenjemeraku, kondilepheretsa kulowetsa ulusi pasingano, akuti n'komweko."

"Mkamwiniyo mwamuuza?"

"Ndaimba foni kawiri m'mawa uno, koma ndikumadula isanayambe kuitana."

"Pitani panja mukaimbe, bambo. Malo anu ndikusungirani."