Madzi Odziwa Kukhoma Malata

A Hilario, tcheyamani wa chitukuko kwa Mlolo, mtima unali m'mwamba. Aphungu a Nyumba ya Malamulo anali m'njira kudzaona shedi ya nsomba imene bajeti ya chaka chatha inalipira, koma pamalopo panali mbuzi zokhazokha. Pofuna mboni anathamangira kwa Estere wogulitsa milamba, mayi wokhulupirira chilichonse chimene wamkulu wanena.

"Mayi Estere, akakufunsani munene kuti shedi inapita ndi madzi."

"Ii! Madzi ati, a tcheya? Chaka chino ngakhale achule akupempha akumwa."

"Anabwera. Inu munali ku Bangula."

"Mayo ine! Nanga benchi langali analisiya bwanji?"

"Anali madzi aboma. Amatenga zaboma zokha."

Estere anagwira pakamwa. "Simenti yonse ija?"

"Psiti!"

"Ndi malata ofiira aja?"

"Eya, eya, musachulutse gaga m'diwa," anatero a Hilario akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Abale, Mulungu ngwamkulu!" Estere anawomba m'manja. "Ndiye apezekatu! Madziwo anakawatula kumtunda, kwa akazi anu aang'ono."

A Hilario anapukusa mutu mwamphamvu. "Nkhabe! Madzi sakwera mtunda!"

"Aboma amakwera. Anafika n'kukhoma bwinobwino, misomali mzere umodzi. Ndi khonde lomwe anazira!"

"Malata amenewo ndinagula ndekha!"

"Musawaikire kumbuyo madzi, a tcheya. Akuonongerani denga lanu laudzu lokongola lija. Paja chokokoloka chikapezeka chimabwerera kwa mwini wake. Munagamula ndinu, chaka chimene bwato la a Chancy linapezeka m'munda mwathu."

"Lija linali bwato!"

"Inde, ndipo tinanyamula pamutu kukabweza. Malata sangatikanike." Anatembenukira kwa anzake a mumsika. "Amayi inu! Pezani makwerero!"

"Khalani pansi nonse!" A Hilario anatambasula manja ngati akuingitsa nkhuku. "Chabwino! Kunalibe madzi! Kunali chilala!"

"Ha, a tcheya, mwayamba kunama tsopano? Munthu wamkulu!"

Fumbi linatuluka kumsewu. Magalimoto a aphungu anakhotera kumsika. Estere anamanga chitenje, n'kuwasisita a Hilario paphewa mwachifundo.

"Ine ndikawalondolera njira yonse imene madziwo anadutsa, mpaka pakhonde. Inu tsogolani mukauze mayi aang'ono kuti akubweranso."

"Ndani?"

"Madzi aboma. Koma musaope, amatenga zaboma zokha."